MADEYA AMENE TIPONYERA NKHUKU

Ulaliki wa pa wailesi, Lachisanu m'nyengo ya Lenti



Lero ndi tsiku limene Eklezia atipempha kusala nyama. Ndidziŵa kuti ambiri mwaseka kale chamumtima, ndi kunena kuti, "Bambo, nanga nyamayo tidaiona liti kuti lero tiisale?" Ndakumvani. Komabe tiyambire pomwepo, pa mbale yathu ya tsiku ndi tsiku, pakuti thupi limene Mulungu adatisungiza limangidwa kapena kupasulidwa m'mbale imeneyi.

Chaka chatha adandiitana kukadzoza bambo wina, msodzi wolimbikira, mwini mabwato aŵiri. Iyeyu adakhala chaka chathunthu akuona magazi popita kuchimbudzi, koma sadauze munthu, ngakhale mai a kunyumba kwake. Ankati ndi kamwazi, atha yekha. Pamene madokotala a ku Blantyre adamuyeza, adapeza khansa ya m'matumbo aakulu itafika kale kuchiŵindi. Tidamuika m'manda ana ake akali pasukulu. Sindikuŵeruza malemuwo ai; ndingofuna kuti maliro otere achepe pakati pathu.

Nthendayi iyamba ngati kanjere kakang'ono m'kati mwa matumbo, kosapweteka konse, ndipo kaŵirikaŵiri papita zaka ngati khumi kuti kasanduke khansa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidaŵerenga kuti m'chaka cha 2020 anthu oposa 1.9 miliyoni adapezeka nayo, ndipo oposa 900,000 adafa nayo. Kuno kwathu siyofala monga khansa ya khomo la chiberekero kapena ya kummero, koma ikukula m'mizinda ya mu Afrika kumene kadyedwe kasintha.

Dokotala wina wa ku Ireland, Denis Burkitt, adagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, ndipo adadabwa poona kuti nthenda yopha anthu ochuluka ku Ulaya inali yosoŵa pakati pa anthu akumudzi a mu Afrika. M'chaka cha 1971 adalemba kuti chinsinsi chili m'chakudya: makolo athu ankadya mbeu ndi makoko ake omwe, pamodzi ndi nyemba ndi masamba. Zakudya zotere zili ndi gawo losagayika m'mimba, limene madokotala alitcha faiba. Gawoli lifeŵetsa chimbudzi ndi kuchifulumiza, kotero kuti zoipa sizikhalitsa m'matumbo. Ndiponso tizilombo tabwino tokhala m'menemo tilidya ndi kutulutsa madzi odyetsa khungu la m'kati mwa matumbowo.

M'chaka cha 2015 akatswiri adafalitsa zimene adapeza atayesa zimenezi. Anthu akuda 20 a ku Pittsburgh ku Amereka adasinthana zakudya ndi anthu 20 akumudzi a ku KwaZulu-Natal kwa milungu iŵiri yokha. Amene adasiya nyama ndi mafuta nayamba chimanga ndi nyemba, kutupa kwa m'matumbo mwao kudachepa. Koma amene adasiya zakumudzi nayamba zonona, matumbo ao adayamba kuonetsa zizindikiro zoopsa. Chaka chomwecho nthambi ya WHO yofufuza za khansa idalengeza kuti nyama yokonzedwa kuti ikhalitse, monga soseji ndi poloni, imayambitsa khansa imeneyi: magalamu 50 tsiku lililonse aonjeza ngoziyo ndi 18 pa 100. Nyama yofiira, ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, adati nayonso njokayikitsa.

Tsono, abale anga, tiyang'ane ku chigayo chathu. Tikonola chimanga, tiviika mphale m'madzi, tigayitsa ufa woyera kuti mbee, ndipo madeya tiponyera nkhuku. Nkhuku zinenepa ndi zimene matumbo athu akulira. Akabwera mlendo tibisa mgaiwa, poopa kuti anganene kuti pakhomo pano palowa umphaŵi. Mnyamata akagulitsa usipa pa gombe, athamangira kanyenya, tchipisi ndi kachasu, nayesa kuti kumeneko ndiye kutukuka. Chimene chatisocheretsa si njala yokha, komanso manyazi ndi kudzikuza. Tanyoza chakudya cha amphaŵi, chonsecho ndicho chidatchinjiriza makolo athu.

Nanga tichite chiyani? Inu amai, nsima ya mgaiwa ibwerere pa mphasa, ndipo ngati ana aikana, yambani ndi kusakaniza ufawo. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zisasoŵe. Nkhwani, chisoso, bonongwe, chigwada ndi therere zikhale ndiwo zolemekezeka. Ana adye mango, mapapaya ndi malambe amene Mlengi adadzaza m'boma lino la Mangochi. Usipa, utaka ndi chambo sizili m'gulu la nyama yofiira, ndipo nyanja tili nayo pakhomo. Nyama ya mbuzi idikire chikondwerero. Inu abambo, moŵa ndi fodya ziwonjezera ngozi ya nthendayi, monganso kunenepa kwambiri ndi kukhala osagwiritsa ntchito thupi.

Koma mundimvetse bwino: kudya moyenera kuchepetsa ngozi, sikuichotseratu. Choncho tisaloze chala wodwala, kapena kunamizira mbale wathu ufiti. Mukaona magazi m'chimbudzi, mukamatsekula kapena kudzimbidwa kwa milungu ingapo, mukamaonda ndi kufooka popanda chifukwa, pitani msanga ku chipatala cha Monkey Bay kapena cha boma ku Mangochi. Kuno ku nyanja likodzo nalonso litha kutulutsa magazi, koma wosiyanitsa ziŵirizi ndi dokotala. Mukamwa mankhwala magaziwo osaleka, bwereraninso, makamaka ngati kholo kapena mbale wanu adadwalapo nthendayi. Ikapezeka msanga, opaleshoni itha kuichiza.

Inu akatekisti, kambani zimenezi m'miphakati sabata ino, ndipo muŵalimbitse mtima amuna kuti asabisire akazi ao matenda. Kusala kwathu kwa Lenti kutiphunzitse kudziletsa ndi kuyamika zochepa zimene munda ndi nyanja zitipatsa.

Ambuye achiritse odwala athu, alandire m'mtendere amene adatisiya, ndipo akudalitseni nonse, Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Amen.