Za Mchenga, Mbewu ndi Miyala: Mawu Olankhulidwa pa Msonkhano wa Aphunzitsi ku Kitwe

Ine ndine mwana pa ntchitoyi. Chotero mundilole ndingokuuzani chimene ana anga ndi ine tinaona m'kalasi.

Tinadula botolo kunsi, tinalizondotsa, ndipo tinathiramo mawere. Anatsika onse ngati madzi. Titathiramo chimanga, chinayenda pang'ono n'kuima, ngakhale khomo linali losatseka. Poyang'anitsitsa tinaona kuti njere zingapo zatsamirana pakhomopo monga uta, ndipo utawo wasenza katundu yense wa pamwamba. Titagogoda botolo, unasweka, chimanga chinayambanso kutsika. Mwini chigayo amadziwa zimenezi, pakuti chimanga chikaima amachitakasa.

Ophunzira apeza kuti njere zobulungira zimaleka kutsekana khomo likakula kuwirikiza kasanu kukula kwa njere imodzi, kapena kuposerapo pang'ono. Koma njere zazitali ngati mpunga, ndi zamakona ngati miyala yophwanya, zimafuna khomo lalikulupo, chifukwa sizigubuduka, zimakolana. Ndicho chifukwa chake pa njanji ya pakati pa Ndola ndi Kitwe pali miyala yophwanya, osati yosalala ya kumtsinje. Kukolana kumene kumavutitsa mwini chigayo ndiko kumagwira njanji kuti isasunthe.

Tsono nkhaniyi ili ndi mbali yolemera. Mulu uliwonse uli ndi malire a kutsetsereka kwake. Mchenga wouma umaima pa madigiri ngati 34. Miyala yamakona imaima chilili koposa apo, ndipo imanyenga maso, ioneka ngati khoma. Koma si khoma ayi. Njere iliyonse yangotsamira inzake, ndipo wokumba kunsi amachotsa zimene zachirikiza za pamwamba. Mu June 2018 mbali ya mulu wa zotsala za ng'anjo ya mkuwa ku Nkana, umene timautcha Black Mountain, inagumuka nipha anthu osachepera 10 amene ankafunamo miyala yogulitsa.

Madzi nawo akadzaza mipata ya pakati pa njere, kugwirana kumachepa, ndipo mulu umayenda ngati phala. Pa 25 September 1970 matope a zotsala za mgodi analowa pansi mu mgodi wa Mufulira, ndipo anthu 89 anamwalira.

Anzanga, ana athu amasewera m'maenje a mchenga, ndipo ena amatumidwa kukakumba dothi. Choncho ndikupemphani kuti sabata ino mupeze botolo, mawere, mpunga ndi chimanga. Anawo athire okha, awerenge kuti mbewu iliyonse yaima kangati. Kenaka aunjike mulu wa mchenga panja, auchotse kunsi ndi kamtengo, aone chimene chichitika. Mwana amene waona mulu ukugwera kamtengo kake sadzafulumira kulowa pansi pa gomo lokumbidwa.