Mzere Wobwerezedwa m'Nkhokwe ya Kompyuta

M'chaka cha 1970, Edgar Codd wa ku IBM anaphunzitsa kuti mu tebulo la database mzere uliwonse uyenera kuoneka kamodzi kokha. Koma chinenero cha SQL, chimene chinadza pambuyo pake, chimalola mizere yofanana, ndipo wofuna kuichotsa amalemba liwu lakuti DISTINCT.

Kodi liwuli ndi chizindikiro cha nkhokwe yomangidwa molakwika? Osati nthaŵi zonse. Wofunsa kuti makasitomala amakhala m'matauni ati adzaona tauni imodzi ikubwerezedwa, ndipo kuchotsa zobwerezazo nkoyenera. Koma mizere ikachuluka chifukwa matebulo aŵiri alumikizidwa molakwika, DISTINCT amangophimba bala. Mndandanda umaoneka wolongosoka, pamene pophatikiza ndalama ngongole ya munthu mmodzi yaŵerengedwa kaŵiri. Mmisiri wanzeru amayamba wafunsa kuti mzere wachiŵiriwo wachokera kuti.