Thandizo la anzathu ovutika ngati ife: mawu a mlangizi wa zaulimi pa chikondwerero cha zaka khumi

  

Sabata yathayi ndinali pamwamba pa phiri kuyendera anzathu olima kachewere ndi masitiroberi. Pobwerera ndinaima pa Emperor's View, paja panaima mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, pamenepo umaona chigwa chonse mpaka ku nyanja ya Chilwa. Maso anga anali kumene kuli sikimu ya Likangala, ndipo ndinadziuza kuti mawu anga a lero ayambira kumeneko.

Ambirife tikamva zoti thandizo lakunja, timaganiza za mayiko olemera ndi magalimoto oyera aja. Koma afunseni akuluakulu a ku Likangala ndi ku Domasi kuti amene anawaphunzitsa kuwokera mpunga m'mizere anali ndani. Akuuzani kuti anali Matchaina a ku Taiwan, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo Taiwan silinali dziko la mafakitale a makompyuta limene timalimva lero ayi. Kunali alimi a minda ing'onoing'ono ngati yathuyi. N'chifukwa chake zimene anabweretsa zinatikwana: ngalande, maploti ang'onoang'ono amene banja lingathe kuwasamala ndi khasu, nazale ya mpunga, kukolola kawiri pa chaka. Munthu amene analowapo m'matope sakuuza zoti ugule thalakitala usanakonze ngalande. Ngakhale mpunga wa Pusa umene ena mumalima m'chilimwe, dzina lakelo ndi la malo ofufuzira zaulimi a ku India.

Tsono tamverani mbali inayi. Kumapeto kwa 2007 boma lathu linathetsa ubale ndi Taiwan n'kupalana ubwenzi ndi China, ndipo akatswiri a ku Taiwan amene anali m'dziko muno analongedza. Palibe mlimi anafunsidwa maganizo, ndipo sindikunena kuti akanatifunsa. Zimenezo ndi za maboma. Ku China nakonso kwabwera zake, monga malo ophunzitsira luso la ulimi ku Salima. Chimene ndikufuna muone n'choti mnzako wothandiza amabwera ndipo amapita. Masikimu aja anaperekedwa m'manja mwa alimi eni ake kudzera m'mabungwe oyendetsa madzi. Lero ukayenda m'sikimu, pamene alimi amagwirizana kutapa mchenga m'ngalande ndi kulipira ndalama ya madzi, madzi amafika mpaka kumapeto. Pamene aliyense amangoti boma libwera, wakumunsi amagona kumunda usiku kulondera madzi, ndipo ndewu siichedwa. Luso ndi limodzimodzi, mphunzitsi anali mmodzi. Kusiyana kwake kuli pa gulu.

Ndibwere pa nandolo, chifukwa apa ndi pamene ambiri tinapsa. Mukukumbukira 2017. Chaka cha m'mbuyo mwake mtengo unali wabwino, ndiye tonse tinadzala, ine ndemwe ndinkakulimbikitsani, sindikana. Kenaka dziko la India, limene limagula nandolo wambiri wochokera kuno, linakolola wake wochuluka ndipo mu Ogasiti chaka chimenecho linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo unagwa ngati mango a mphepo. Amayi ena muno anandiuza pamaso kuti, a Alangizi, mudye nokha nandolo wanuyo. Ndinalibe poyankha.

Koma taonani anansi athu a ku Mozambique. Iwo anali atasainirana kale pangano ndi India mu 2016, ndiye chitseko chawo sichinatsekeke ngati chathu. Ife pangano lotere linabwera mu 2021, loti India azigula matani 50,000 a nandolo wa ku Malawi chaka chilichonse kwa zaka zisanu. India ndi mnzathu ndithu, ndipo mbewu zina za nandolo zocha msanga zimene timadzala zinatuluka mothandizana ndi bungwe la ICRISAT, limene likulu lake lili komweko. Komabe zikavuta, nayenso amayamba waona alimi ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ubale wa pakamwa sugula thumba la nandolo, chimagula ndi pepala losainidwa. Ndipo wa matani 50,000 sabwera kudzagula ndowa imodzi pakhomo panu. Amafuna katundu wosonkhanitsidwa, wouma bwino, wopeta, wa mtundu umodzi. Tikapanda kumusonkhanitsa ife, amusonkhanitsa venda wa sikelo yake ija, phindu la panganolo n'kuthera kwa iyeyo.

Chitsanzo chimene ine chimandisangalatsa kwambiri ndi cha ku Brazil. Kumeneko anakhazikitsa lamulo mu 2009 loti pa K100 iliyonse ya chakudya cha ana a sukulu, tinene choncho, K30 kapena kuposa izigulira zokolola za alimi ang'onoang'ono. Nzeru imeneyi anabwera nayo ku Africa kuyambira 2012, mothandizana ndi FAO ndi WFP, m'mayiko asanu: Ethiopia, Niger, Senegal, Mozambique ndi Malawi. Kuno anayesera ku Mangochi ndi kwa anansi athu ku Phalombe. Sukulu zinkalandira ndalama n'kumagula chimanga, nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba kwa alimi a m'dera lomwelo. Mwana akudya phala, ndalama ikutsala m'mudzi. Nanga amene ankagulitsa anali ndani? Magulu a alimi okhala ndi mabuku, otha kulonjeza kuti Lolemba tibweretsa matumba angapo, Lolembalo n'kubweretsadi. Paja ena mumadandaula kuti a mlembi athu ndi ovuta pa nkhani ya malisiti. Asiyeni avute.

Ndisanakhale pansi, mawu amodzi pa za ofooka pakati pathu. Namondwe wa Freddy atatikantha mu Malichi 2023, a ku Tanzania ndi a ku Zambia anatumiza ndege ndi chakudya. Si mayiko olemera amenewo, nawonso ali ndi njala zawo, koma anaona kuti mnzawo wapsa ndevu. Muno muli mamembala amene minda yawo inakwiririka ndi mchenga nthawi imeneyo, ndipo mpaka lero sanathe kubwezeretsa masheya awo. Ndamva kuti ena akufuna mayina awo afufutidwe m'kaundula. Ine si membala, ndilibe voti, koma ndikupempha kuti nkhaniyi muikambe pa msonkhano waukulu musanafufute aliyense. Maganizo anga ndi oti awongoleredwe mbewu kuchokera m'nkhokwe ya gulu, adzabweze akakolola. Amenewa ndi omwe amayamba kugulitsa kwa venda nandolo asanaume, osati chifukwa cha mwano, koma chifukwa kunyumba kulibe ufa. Aliyense amene watayika choncho, matumba a gulu achepa, ndipo wogula wamkulu uja atilambalala.

Lachinayi likudzali ndidzakhala pa ofesi ya kopaletivi kuyambira 8 koloko m'mawa, kulemba kuti aliyense wadzala nandolo malo aakulu bwanji komanso wa mtundu wanji. Bwerani ndi makhadi anu. A pamwamba pa phiri musavutike kutsika, ndidzakupezani komweko Lachisanu, mvula ikalola njinga yanga kukwera.