Kodi Dziko Lapansi Liri ndi Zaka Zingati?

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za msinkhu wa dziko lapansi. Nkhalamba ikaiwala caka cimene inabadwa, timafunsa anzace, kapena tikumbukira njala ndi dzombe za nthawi imeneyo. Koma dziko liribe mnzace wotiuza. Komabe akatswiri a miyala anena kuti liri ndi zaka mamiliyoni 4,540. Munthu atati awerenge ciwerengero cimeneci, kamodzi pa sekondi iri yonse, usana ndi usiku osapumula, angathe zaka 144 asanafike pa mapeto. Nanga iwo anadziwa bwanji?

Poyamba anali kungoyerekeza. M'caka ca 1862 Lord Kelvin wa ku Britain anaganiza kuti dziko linayamba liri lotentha monga citsulo ca m'ng'anjo, nawerengera nthawi imene likadatenga kuti lizizire. Anapeza zaka ngati mamiliyoni 100. Masamu anawadziwa ndithu, koma za m'kati mwa dziko zinali zisanadziwike.

Yankho linadza ndi citsulo cochedwa uranium. Ici cimasanduka pang'onopang'ono kukhala mtobvu, womwe uja unali kukumbidwa ku Kabwe kufikira caka ca 1994. Taganizani za cimanga ca m'nkhokwe cimene anankafumbwe ali kucisandutsa ufa. Mai wanzeru akatapako dzanja limodzi, naona kucuruka kwa ufa ndi kucepa kwa mbeu zathunthu, atha kunena kuti cakhalamo miyezi ingati. Kusiyana kwace ndi uku: anankafumbwe afulumira pa nyengo yotentha nacedwa pa nyengo yozizira, koma uranium sasintha liwiro lace, ngakhale ndi moto, ngakhale ndi kulemera kwa phiri. Zikapita zaka mamiliyoni 4,470, theka la uranium wa mtundu wocuruka limakhala litasanduka. Zikapita zina zotere, theka la wotsalayo. M'caka ca 1911 mnyamata wa zaka 21, Arthur Holmes, anayesa mwala wa ku Norway mwa njira iyi, napeza zaka mamiliyoni 370.

Kamwala kothandiza koposa pa nchitoyi ndi zircon, kamene nthawi zambiri kamacepa ngati mcenga. Pamene kali kuumbika kamalandira uranium koma kamakana mtobvu. Cotero mtobvu wopezeka m'kati mwace unabadwira momwemo, ndipo woyesa alibe cokayikira kuti unacokera kwina.

Tsono tamvani zimene miyala yaulula. Miyala yakuda imene Zambezi agwerapo pa Mosi-oa-Tunya iri ndi zaka ngati mamiliyoni 180. Imeneyi ndi makanda cabe. Ya ku mapiri a Barberton ku South Africa ifika mamiliyoni 3,500. Pa mtsinje wa Acasta, kumpoto kwa Canada, pali thanthwe la zaka mamiliyoni 4,030. Ndipo m'caka ca 2001 kunamveka za kambeu ka zircon ka ku Jack Hills ku Australia, ka zaka mamiliyoni 4,404. Thanthwe limene kanabadwiramo linaperepeseka kalekale. Katsala ndi iko kokha, kokwiririka m'mwala wina wa pambuyo.

Mwaona kuti palibe ngakhale umodzi wofika pa 4,540. Cifukwa cace ndi cakuti dziko limadya miyala yace. Mvula iperesa mapiri, mitsinje itengera mcenga ku nyanja, ndipo miyala ya pansi pa nyanja zazikuru imamira pang'onopang'ono m'kati mwa dziko, kumene isungunuka ndi kusakanizika. Miyala yoyamba yeniyeni inatha motero.

Apa m'pamene pali nzeru imene ine ndiiyesa yokoma koposa m'nkhani yonseyi. Popeza mboni za pansi pano zinafa, Clair Patterson wa ku America anakafunsa mboni zocokera kumwamba. Miyala imene imagwa kucokera m'mlengalenga ndi zotsala za pfumbi lomwelo limene linaumba dziko lathu, ndipo yambiri yakhala yozizira, yosasinthika, kuyambira pamenepo. Iye anatenga zidutswa za mwala wacitsulo wa ku Canyon Diablo ku Arizona, nalinganiza mtobvu wace ndi wa miyala ina yogwa kumwamba ndiponso wa matope a pansi pa nyanja.

Nchitoyo inamubvuta zaka zingapo, pakuti mtobvu wacilendo unali kulowa m'zoyesera zace kucokera m'pfumbi, m'madzi ndi m'mpweya. Anacita kukonza cipinda coyera koposa ca cipatala. Ndipo pambuyo pace anasonyeza kuti wambiri wa mtobvuwo unali kucokera m'petulo wa galimoto, nalimbana ndi eni malonda kuti auleke. M'caka ca 1956 anafalitsa ciwerengero cace: zaka mamiliyoni 4,550. Ena ayesanso kambirimbiri ndi makina oposa ace, ndipo acotsapo mamiliyoni 10 okha.