Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wa Tsiku la Demokalase: ana a ku Nepal okhala kunja ndi mafoni awo

Gogo Chalo, mfumu yathu yaikulu, pamodzi ndi magulupu ndi anyakwawa onse amene mwabwera nawo, Bwanamkubwa wa boma lino, olemekezeka Phungu wa dera lino ndi makhansala athu, abusa, ansembe ndi mashehe, akuluakulu a polisi, aphunzitsi akulu ndi aphunzitsi onse, a mabungwe omwe si a boma, atolankhani, amayi a kwaya amene mwatilandira ndi nyimbo, amayi amene muli kuseriko pa moto kutikonzera chakudya, achinyamata inu, eni ake a tsikuli, amayi ndi abambo, ndakupatsani ulemu wanu nonse.

Lero ndi pa 15 Sepitembala, tsiku limene bungwe la United Nations linapatula kuti mayiko azikumbukira demokalase. Okonza mwambo anandipempha kuti ndilankhule za achinyamata ndi intaneti. Ndiye mundilole ndikutengereni kutali, ku Nepal, dziko la mapiri lokhala pakati pa India ndi China, kumene kuli phiri la Everest lija ana athu amaloweza kusukulu.

Dzikoli lili ndi anthu pafupifupi 29 miliyoni, ndipo kalembera wa mu 2021 anapeza kuti oposa 2 miliyoni akukhala kunja. Ena akumanga nyumba zosanja ku Qatar, ku Saudi Arabia ndi ku Dubai, ena ali m'mafakitale ku Malaysia, ena ndi alonda ku India, enanso akuphunzira ku Australia, ku Japan ndi ku America. Ndalama zimene amatumiza kwawo zimafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chonse cha dzikolo. Ndipo si onse amabwerera ndi masutukesi. Pa bwalo la ndege la Tribhuvan ku Kathmandu pamatsikanso mabokosi a maliro, achibale n'kumadikira panja kuti alandire thupi la mwana amene anapita wathanzi.

Pa 1 Febuluwale 2005, Mfumu Gyanendra inachotsa nduna yaikulu Sher Bahadur Deuba n'kutenga mphamvu zonse m'manja mwake, ponena kuti andale alephera kuthetsa nkhondo ya zigawenga za chi Mao imene inabuka mu 1996. Gogo Chalo, apa ndikunena mfumu yolamula asilikali a dziko lonse, osati ufumu wathuwu wosunga mudzi ndi kuweruza milandu pabwalo. Tsiku lomwelo matelefoni anaduka, intaneti inaduka, ndipo zinakhala choncho pafupifupi sabata yathunthu. Atsogoleri a zipani anatsekeredwa m'nyumba zawo. Asilikali anakakhala m'maofesi a nyuzipepala, kuwerenga nkhani iliyonse isanapite kukasindikizidwa. Mawayilesi a FM analetsedwa kuulutsa nkhani, ankangoika nyimbo.

Tangoganizani, amayi, mwana wanu ali kutsidya kwa nyanja, wamva kuti kwawo kwavuta, akuimba foni koma siikulowa. Ana a ku Nepal aja sanangokhala n'kumalira. Kankhani kalikonse kotuluka m'dzikomo, kaya kudzera mwa munthu wowoloka malire a India, kaya mwa mtolankhani wolimba mtima, iwo ankakatola n'kukaika pa intaneti, kutumizirana pa imelo, kukamasulira m'Chingerezi kuti dziko lonse limve. Ankalembera aphungu a mayiko amene ankakhalamo, ankakaima ndi zikwangwani pa maofesi a akazembe. Intaneti itabwerera, a kumudzi nawonso ankawerenga pa masamba a kunjawo zimene nyuzipepala zawo zinkaletsedwa kulemba, moti boma linayamba kutseka ena mwa masambawo. Nthawi imeneyo Facebook inali isanafalikire, WhatsApp kunalibe. Ndikuona anyamata a kumbuyo uko akuyang'anana. Inde, ana anga, dziko linkayenda popanda WhatsApp!

Mayiko a India ndi Britain anaimitsa thandizo la zida kwa asilikali a mfumuyo. Mu Novembala 2005 zipani zisanu ndi ziwiri zinagwirizana ndi a chi Mao pa mfundo 12 ku Delhi. Mu Epulo 2006 anthu anadzaza misewu kwa masiku 19, osasamala lamulo loletsa kutuluka m'nyumba, ena n'kuwomberedwa pomwepo. Pa 24 Epulo mfumu inagonja n'kubwezeretsa nyumba ya malamulo, ndipo pa 28 Meyi 2008 ufumu umene unakhala zaka pafupifupi 240 unathetsedwa.

Ndinene momveka apa. Amene anagonjetsa mfumu ndi amene anayenda ndi mapazi m'misewu ya Kathmandu. Ntchito ya a kunja inali yoti boma lisamenye anthu mumdima. Ndi ntchito yaikulu, ndipo ine ndimaiona ngati ntchito ya unzika weniweni, yofanana ndi ya munthu wokhala pakhomo.

Nanga dziko lawo linawabwezera chiyani? Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Mu 2018 Khoti Lalikulu la Nepal linalamula boma kuti likonze njira yoti nzika zokhala kunja zizivota. Chisankho cha mu 2022 chinafika, njirayo kulibe. Ndalama zawo zinkalandiridwa ndi manja awiri, koma voti yawo ayi. Ndiye iwo anapeza njira ina. Mnyamata woweruka pa ntchito yonyamula simenti m'dzuwa la ku Qatar, atagona pa bedi losanjikizana m'chipinda cha anthu ambiri, ankaimbira mayi ake pa vidiyo, n'kuwauza kuti atopa ndi nkhope zomwezomwezo zimene zakhala zikusinthana mpando. Mu 2022 momwemo mnyamata woimba nyimbo za rap, amenenso ndi injiniya, Balendra Shah, anapambana umeya wa Kathmandu wopanda chipani, ndipo chipani chatsopano cha chizindikiro cha belu, Rastriya Swatantra Party, chinatenga mipando 20 m'nyumba ya malamulo.

Kenaka mu 2025, pa 4 Sepitembala, boma la nduna yaikulu K.P. Sharma Oli linatseka masamba a mchezo 26, kuphatikizapo Facebook, WhatsApp, YouTube ndi Instagram, ponena kuti sanalembetse ku boma. Kwa dziko limene mabanja ambiri ali ndi wina kunja, kuchita zimenezi kunali ngati kugwetsa mlatho wokhawo wa pamudzi mkati mwa dzinja. Achinyamata anali atakwiya kale ndi katangale, akufalitsa zithunzi za ana a andale akudya bwino pamene anzawo akufola pamzere wa mapasipoti. Pa 8 Sepitembala anatuluka, ena atavala yunifolomu ya sukulu, ndipo tsiku limenelo anthu 19 anaphedwa. Mawa lake Oli anatula pansi udindo. Koma tsiku lomwelonso nyumba ya malamulo inapsa, Khoti Lalikulu linapsa, likulu la boma la Singha Durbar linapsa, ndipo pomaliza omwalira anaposa 70. Achinyamatawo anakambirana pa tsamba la mchezo la Discord za munthu woti atsogolere dziko mongogwirizira, ndipo pa 12 Sepitembala mayi Sushila Karki, amene kale anali mkulu wa makhoti, analumbira kukhala nduna yaikulu yoyamba ya chizimayi. Amayi a kwaya, pamenepo mukhoza kululuza!

Tsopano ndikudzudzuleniko pang'ono, achinyamata, monga kholo. M'khoti limene linapsa lija munali mafayilo a milandu ya anthu wamba, ena odikira chigamulo kwa zaka. Munthu wolemba pa foni kuti "otchani" ali ku Sydney kapena ku London amagona tulo tabwino usiku umenewo, pamene mwana wa mnzake ndi amene akukumana ndi chipolopolo. Amene ali kutali ndi moto ayenera kusamala mawu ake kuposa amene ali pafupi. Inunso m'magulu anu a WhatsApp mumalandira mauthenga a mawu opanda mwini, zithunzi zakale zonenedwa kuti ndi za lero, n'kuzitumiza musanafunse kuti zachokera kuti. Lekani zimenezo. A ku Nepal a mu 2005 ankamvedwa chifukwa ankanyamula nkhani zimene boma linkabisa, zoti munthu akafufuza apeza kuti n'zoona.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo kwenikweni. Achikulire muno mukukumbuka 1992, kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi, mmene timapepala tinkayendera mobisa pa makina a fakisi ndi fotokope. Mukukumbuka a Chakufwa Chihana akuchokera ku msonkhano wa Amalawi othawa kwawo ku Lusaka, n'kumangidwa pa bwalo la ndege mu Epulo chaka chomwecho. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inali ndi dzanja la a kunja. Koma mpaka lero mwana wathu amene ali ku Joni, amene akulipira fizi ya abale ake ndi kugula feteleza wa agogo ake, sangavote ali komweko.

Olemekezeka Phungu, nkhaniyi ndaisiya m'manja mwanu pamaso pa Gogo Chalo ndi anthu onsewa. Ndikudziwa kuti pali mafunso a ndalama, a kaundula ndi a chitetezo cha mavoti, ndipo mafunso amenewo ndi oyenera. Koma akambidwe m'nyumba ya malamulo, poyera, komiti iitane a bungwe loyendetsa zisankho ndi oimira Amalawi a kunja kuti aliyense anene zake. Bwanamkubwa, inunso ndikupempheni kuti maphunziro a achinyamata okhudza kugwiritsa ntchito bwino intaneti asathere pa boma pano. Afike m'masukulu a kumidzi kumene mafoni afika kale.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti mwambo wathu wa Tsiku la Demokalase watsegulidwa.