Mnzanu Akatopa, Muikireni Mwala

Abusa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, makolo akuchimuna amene mwayenda mtunda wautali, ndi inu nonse mwadzaza muholo muno, ndakuonani. Ine ndine malume ake a mkwatibwi, ndipo mpata wolankhulawu ndachita kuupempha ndekha.

Mwana wa mlongo wanga, chiyambire tsiku limene ndinakunyamula uli wakhanda ndakhala ndikukutchula kuti iwe. Lero pakamwa panga pasintha. Ndinu mayi tsopano, ndizikutchulani kuti inu. Nanunso bambo, akamwini athu, mwatenga mwana wa m'mbumba yanga, choncho mundibwereke makutu.

Za ndalama akuuzani kale. Za ulemu kwa apongozi, za kukhitchini ndi za kuchipinda, alangizi anamaliza dzulo usiku ndipo sindibwerezamo. Ine ndanyamula nkhani imodzi yokha, imene palibe amaivinira pa perekaniperekani. Nkhaniyo ndi kutopa. Mudzatopa, ana anga. Sindikunena kutopa kwa lero, kwa miyezi yothamangathamanga ndi makadi, madiresi ndi misonkhano ya komiti; kumeneko mukagona masiku awiri kutha. Ndikunena kutopa kumene munthu amadzuka nako m'mawa ngakhale wagona usiku wonse. Kumabwera ndi mwana wodwaladwala, ntchito yotha mwadzidzidzi, ngongole, maliro otsatizana. Kawirikawiri sikugwira onse awiri tsiku limodzi. Kumayamba ndi mmodzi, ndipo banja limaima kapena kugwa malinga ndi zimene winayo achite pa nthawi imeneyo.

Pa zaka zimene ndatumikira ngati mkulu wa mpingo, ndaona kuti alembi a Chipangano Chakale, amene analemba m'Chihebri, kutopa ankakudziwa bwino. Akafuna kunena za munthu wofooka ankangoloza thupi lake, manja olendewera ndi mawondo onjenjemera. Mukatsegula Yesaya mutu 35 kapena Yobu mutu 4 mupeza ziwalo ziwiri zomwezi. Mawu awo a kulimbikitsa ndi chazak. Abusa ena amene anaphunzira chinenerocho anandionetsa kuti mawu amenewa amatanthauzanso kugwira chinthu zolimba, ndipo pa Nehemiya mutu 3, pamene mabanja akukonza linga logumuka la Yerusalemu, aliyense chigawo chake, mawu a kukonzawo achokera pa muzu womwewu. Kwa iwo kulimbikitsa munthu inali ntchito ya manja, ngati kumata khoma limene mvula yanyambita. Ife tinazolowera kungoti "limbani mtima" kenako n'kukwera minibasi.

Tiyeni ku Refidimu, m'chipululu, pa Eksodo mutu 17. Aamaleki abwera ndi nkhondo. Yoswa ali kuchigwa ndi anyamata, Mose wakwera pachitunda ndi ndodo m'manja. Mose akakweza manja Aisraeli akupambana, akawatsitsa Aamaleki akupambana. Koma kumbukirani kuti Mose anali nkhalamba. Pamene ankaima pamaso pa Farao anali kale ndi zaka 80. Inu bambo ndinu mnyamata, koma yesani kukweza manja mphindi khumi zokha muone mmene mapewa awotchere. Manja a Mose analemera. Tsono onani zimene Aroni ndi Huri anachita. Sanamukalipire kuti anthu akufa chifukwa cha iye. Sanamulandenso ndodo kuti agwire ntchitoyo okha. Anayamba afuna mwala, namukhazika pansi. Kenako wina anaima mbali iyi, wina mbali inayo, aliyense atagwira dzanja limodzi, ndipo anakhala choncho mpaka dzuwa kulowa.

Mwala umenewu ine umandigwira mtima. Munthu wina anachita kuwerama, n'kuukunkhuniza, n'kuuika bwino kuti nkhalamba ikhalepo. M'banja mwala ndi zinthu zazing'ono zotero. Mayi abwera kuchokera kuntchito mapazi atatupa, apeza madzi osamba ali kale pamoto. Mwana walira usiku kachitatu, bambo adzuka n'kumuyendetsa pabalaza kuti mayi atseke maso. Bambo abwera nkhope ili yakugwa, mayi asunga nkhani ya lendi mpaka m'mawa.

Ndipo pali mawu amodzi pamenepa amene ndikufuna mupite nawo kunyumba. Pofotokoza kuti manja a Mose anakhazikika osagwedezeka, mlembi anagwiritsa ntchito mawu akuti emunah. M'malo ambiri mawu amenewa timawamasulira kuti kukhulupirika, ndipo ndi apachibale ndi Amen amene mwayankha m'tchalitchi m'mawa uno. Manja okhulupirika aja anali manja otopa, ogwiriziridwa ndi anthu ena. Lero mwalumbira kukhulupirika. Musaganize kuti mudzakusunga chifukwa ndinu amphamvu. Mudzakusunga chifukwa tsiku limene dzanja la mmodzi lidzayambe kutsika, winayo adzaima pambali pake n'kuligwira.

Wina amene anatopa ndi Eliya. Munthu uyu anali atangopambana pa phiri la Karimeli, yekha pamaso pa aneneri 450 a Baala. Uthenga umodzi wa Yezebeli unamuthyola. Anathawira ku Beereseba, nasiya mnyamata wake kumeneko, nayenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu, nakhala pansi pa kamtengo n'kupempha imfa. Mulungu sanayambe ndi kumufunsa. Anamulola kugona. Mngelo anamudzutsa, pamutu pake pali mkate wootcha ndi mtsuko wa madzi. Anadya, nagonanso. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi chakudya. Funso loti akuchita chiyani kumeneko linadzabwera ku Horebu, patapita masiku 40.

Nkhani imeneyi ine ndinaiona ndi maso m'nyumba mwanga. M'chaka cha njala cha 2002, ntchito imene ndinkagwira pa esiteti ina inali itatha, nkhokwe ili gwa, chimanga pamsika sichikugwirika mtengo. Ndinafika poti m'mawa ndinkangopita kuseri kwa nkhokwe n'kukhala pansi, osafuna kuona maso a ana. Mayi akunyumba kwanga, awo akhala apowo ndi duku loyera, ankapita kuganyu mbandakucha. Tsiku lina anabwera ndi madeya pang'ono m'kansalu. Anaphika phala, anagawira ana, kenako anandilondola kuseri kuja ndi kambale kapulasitiki kong'aluka m'mphepete. Anagwada n'kunena kuti, "Imwani abambo, mukatero mukagone." Basi. Sanandifunse kuti mwamuna mnzanga uje wapeza bwanji chimanga. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Patapita sabata ndinanyamula khasu n'kuwatsatira kuganyu. Akanandinyoza tsiku loyamba lija, sindikudziwa ngati bwenzi nditaima pano.

Koma ndikuuzeninso pamene ine ndinalakwa, chifukwa uphungu wongodzitama suthandiza. M'buku loyamba la Samueli muli Elikana, mwamuna wa Hana. Ankamukonda mkazi wake, zimenezo n'zosakayikitsa. Hana analibe mwana, mkazi mnzake Penina ankamuputa chaka ndi chaka popita ku Silo, mpaka Hana ankalira osadya. Elikana pofuna kumutonthoza anadziyerekeza yekha ndi ana aamuna khumi, kuti iye akuposa onsewo. Cholinga chinali chabwino, koma taonani pamene anaika nkhaniyo: pa iye mwini. Chilonda chili pa Hana, iye akukamba za mtengo wake. Ine ndinachita zomwezo. Mayi akunyumba kwangawa anadwazika amayi awo miyezi iwiri kuchipatala, akugona pasimenti pansi pa bedi, akuphika panja ndi odwazika anzawo. Odwalawo anatisiya. Titabwerako kumaliro, usiku akulira, ine ndinati, "Zatha basi, mukuliranji ine ndilipo?" Anangotembenukira kukhoma. Zinanditengera nthawi yaitali kumvetsa kuti usiku umenewo ankafuna munthu wokhala nawo chete, ndipo ndinapepesa mochedwa.

Anzake a Yobu timawadzudzula, ndipo n'zoona kuti atatsegula pakamwa anamupweteka. Koma asanatero anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri, usana ndi usiku, osanena kanthu. Pamenepo anakhoza. Yesaya mutu 50 amakamba za mtumiki wodziwa kuchirikiza wotopa ndi mawu, koma pomwepo akutiuza kuti khutu la mtumikiyo limadzutsidwa m'mawa uliwonse kuti limve. Lilime lodziwa kutonthoza limaphunzira kukhutu. Bambo, mkazi wanu akamakuuzani za tsiku lake, ikani foni pansi. Mayi, mwamuna wanu akangoti zii, musathamangire kuganiza kuti kuli wina. Amuna ambiri tikatopa timasowa mawu, ndipo timachita manyazi kuvomera.

Tsopano za Aamaleki aja, sindinathane nawo. Deuteronomo mutu 25 amakumbutsa tchimo lawo lenileni: anadikira Aisraeli atatopa paulendo, nakantha otsalira m'mbuyo, ofooka. Mulungu analamula kuti zimenezo zisaiwalike. Musakhale Mwamaleki m'nyumba mwanu. Palibe munthu amene adzadziwe pofooka pa mnzanuyu kuposa inu. Mudzadziwa tsiku limene alibe mphamvu yoyankha, ndipo tsiku limenelo mudzayesedwa kutulutsa milandu yonse ya chaka chatha, chifukwa mukudziwa kuti mupambana. Musatero. Mlandu suwola. Udikireni adye, agone, kuche.

Aamaleki omwewa anawotcha mudzi wa Davide ku Zikilagi, natenga akazi ndi ana. Davide anawathamangira ndi anthu 600. Atafika pa mtsinje wa Besori, anthu 200 analephera kuwoloka chifukwa cholema, natsala ndi katundu. Anthu 400 anapitirira, napulumutsa zonse. Pobwerera, ena mwa opambanawo anati otsalawo apatsidwe akazi ndi ana awo okha, zofunkha asalaweko. Davide anakana. Anagawa mofanana, wopita kunkhondo ndi wotsala pa katundu, ndipo chinakhala chilamulo m'Israeli. Nkhani iyi ndi ya malipiro anu. Idzafika nyengo imene mmodzi yekha ndiye azidzabweretsa ndalama. Mwina mayi adzakhala ndi pakati povuta, mwina bambo kampani idzawachotsa, mwina mmodzi adzabwerera kusukulu. Wolandirayo asadzanene kuti "ndalama zanga", asadzawerengere mnzake sopo ndi ndiwo. Wotsala pa Besori ndi wanu, ndipo chaka chinacho wotsalayo mudzakhala inu. Ndaona mabanja ambiri akupasuka opanda chigololo, opanda ndewu, kungoti wamphamvu anayamba kuona wotopa ngati katundu.

Nanga mukadzatopa nonse awiri? Zimachitika. Mose anali ndi manja awiri, ndipo panafunika anthu awiri. Ankhoswe akhala apawa si okongoletsa chithunzi, ndiwo Aroni ndi Huri anu. Musadikire mpaka mbale zitayamba kuuluka. Pitani kudakali kutopa chabe, mukanene kuti tathedwa nzeru. Mutu umodzi susenza denga, ndipo nthawi zina ngakhale mitu iwiri imalemedwa. Ndipo gwadani. Yesaya mutu 40 unalankhula kwa anthu amene Yerusalemu wawo anagwetsedwa ndi Ababulo, atakhala zaka zambiri kuukapolo mpaka kuganiza kuti Mulungu wawaiwala. Mneneri sanawanamize kuti ndi amphamvu. Anavomera kuti ngakhale achinyamata, amsinkhu wanu uno, amalefuka n'kugwa. Chimene anawauza n'chakuti alipo mmodzi yekha amene salema, ndipo mphamvu zake amagawira amene zawathera. Pemphero la anthu awiri otopa, ngakhale la mawu atatu, iye amalimva.

Ndisanakhale pansi, mawu awiri kwa ife achibale, mbali zonse. M'chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo mutu 24, mwamuna wongokwatira kumene sankatumizidwa kunkhondo kapena kusenzetsedwa ntchito ina iliyonse kwa chaka chathunthu. Ankakhala pakhomo kuti asangalatse mkazi wake. Dziko lokhala pakati pa adani linkalolera kuchepekedwa msilikali kuti banja latsopano lizike mizu. Ife timachita zosiyana. Ukwati ukangotha, sabata yomweyo mafoni ayamba: fizi ya mng'ono wako, feteleza wa kumudzi, msuweni akubwera kudzakhala nanu akufuna ntchito m'tauni. Timawatopetsa tokha ana athu, kenako tidzadabwa akamabwera kwa ankhoswe. Ine malume ndikuyamba ndi pakamwa panga, pamaso pa mboni zonsezi: chaka chino sindidzapempha kanthu pakhomo pawo. Ndikupempha abale anga ndi inu akuchimuna kuti tichite chimodzimodzi.

Bambo, tagwirani dzanja la mkazi wanu. Mayi, gwirani lawo. Lero ndi lopepuka, likuvina lokha. Lidziweni bwino mmene lilili, kuti tsiku limene lidzayambe kulemera mudzazindikire msanga, mnzanuyo asanachite kukuuzani. Usiku uno, anthu onse akabalalika, funsanani ngati wina wadya. Mulungu akusungeni, ana anga.