Za Khonsolo Yathu ndi Buku la Chitukuko: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Pachaka, Neno Boma



Ndithokoza kwambiri chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa woti ndiime pamaso panu, chinkana muno muli akulu-akulu amene anaona dzuwa ine ndisanabadwe. Komiti inandipempha kuti ndiyankhe funso limene limabuka pa misonkhano yathu kawiri-kawiri, ndilo lakuti: Kodi Khonsolo imasankha bwanji nchito zoti igwire, popeza mudzi wina ulandira mjigo pamene mudzi woyandikana nao ukali kumwa madzi a m'khwawa pamodzi ndi mbuzi? Ena amati ndi mwai, ena amati ndi kudziwana ndi akulu. Ine ndine kalaliki chabe, koma nchito yanga yandiphunzitsa chinthu chimodzi, ndicho chakuti kanthu kosalembedwa pa pepala sikapatsidwa ndalama. Yankho langa lonse lagona pamenepo.

Poyamba tikumbutsane kumene tachokera. Makhonsolo a maboma anakhazikitsidwa m'dziko muno ndi lamulo la 1953, m'nthawi ya Atsamunda. Ufulu utabwera mu 1964, mphamvu zao zinanka zichepa, kotero kuti zinthu zambiri zinkalamulidwa kuchokera ku likulu la dziko. Mu 1998 Boma lalikulu linakhazikitsa mfundo ya Mphamvu ku Anthu pamodzi ndi Lamulo la Maboma Ang'ono, ndipo makhansala anasankhidwa mu 2000. Ife a ku Neno tinapatuka ku Mwanza ndi kukhala boma pa tokha mu 2003. Koma nthawi ya makhansala aja itatha mu 2005, chisankho china sichinachitike kufikira May 2014. Ndiko kunena kuti boma lathu, likali lakhanda, linakhala zaka 9 popanda makhansala. Chotero si chodabwitsa kuti ambiri a ife sitinazolowerebe kuyesa Khonsolo chinthu chathu-chathu.

Khonsolo iri ndi manja awiri. Dzanja loyamba ndilo makhansala amene tinawasankha, ndipo nchito yao ndi kumanga mfundo, kukonza malamulo a m'boma muno, ndi kubvomereza kagawidwe ka ndalama. Mafumu akulu amakhala nao pa bwalo limeneli ndi kupereka uphungu, ngakhale saponya voti. Dzanja lachiwiri ndilo Bwana DC pamodzi ndi akulu a nthambi za umoyo, maphunziro, ulimi, madzi ndi nkhalango, amene ayenera kuchita zimene bwalo lagwirizana. Chimene chimalunzanitsa manja awiriwa ndi buku lochedwa Dongosolo la Chitukuko cha Boma, limene kawiri-kawiri limayang'ana zaka 5 za m'tsogolo.

Buku limeneli silitsika kumwamba ai. Limayambira pansi pa mtengo wa m'mudzi. M'dera la nyakwawa yaikulu iri yonse muli komiti ya chitukuko, imene tonse tiidziwa ndi dzina lakuti VDC. Komiti imeneyi iyenera kusonkhanitsa anthu, amuna ndi akazi, kuti achule zosowa zao ndi kuziika m'ndondomeko, chachikulu patsogolo. Zolembedwazo zimapita ku komiti ya dera lonse la Mfumu yaikulu, ndiyo ADC, monga kwa Dambe, kwa Chekucheku, kwa Mlauli ndi kwa Symon. Kumeneko amazipeta, pakuti si zonse zingatheke nthawi imodzi. Zikafika pa Boma pano, akulu a nthambi amaziyerekeza ndi buku lina lofotokoza m'mene boma lathu liliri: chiwerengero cha anthu, cha masukulu, cha zipatala ndi cha mijigo. Potsiriza bwalo lonse la Khonsolo limabvomereza. Bukulo liyeneranso kugwirizana ndi masomphenya a dziko lonse ochedwa Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu January 2021, ndipo chigawo chake choyamba cha zaka 10 chidzatha mu 2030. Chaka ndi chaka, pokonza za ndalama, Khonsolo iyenera kutapa nchito zake m'buku limeneli, monga mai atapa chimanga m'nkhokwe. Ndipo kuyambira 2022 chaka cha ndalama za Boma chimayamba pa 1 April.

Tsono wina angafunse kuti, nanga kubvutika konseku nchifukwa ninji? Abale anga, taonani dziko lathu. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka anthu opitirira 138,000, ndipo sitikhala malo ofanana. Kumtunda, ku mapiri a kwa Dambe, nkozizira. Anthu amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu, ndipo kulira kwao nkwa misewu ndi milatho yotulutsira mbeu zao dzinja lisanawatsekere. Kumunsi, ku Lisungwi, ku Zalewa ndi ku Matope, nkotentha. Mvula imabvuta, ndipo mitengo yatha ndi makala amene amapita ku Blantyre. Mlimi wa manachesi, nayenso ali ndi chake. Ndalama zikachepa, monga zichepera masiku onse, ndani adzayamba kuthandizidwa? Popanda buku, adzayamba ndi munthu wa mau okweza, amene akhala pafupi ndi ofesi kapena m'mbali mwa msewu wa tala. Mai wa kuseri kwa phiri, amene ayenda tsiku lathunthu kuti afike pa Boma, sadzamveka konse. Koma chosowa chake chikalembedwa ndi kubvomerezedwa, chimamlankhulira iye ali kumunda kwake. Buku la chitukuko ndilo mboni ya munthu wosauka.

Bukuli limatsogoleranso abwenzi amene amadza kudzatithandiza. Tonse tidziwa bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene linayamba nchito muno mu 2007 mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo tiona chipatala cha pa Boma pano, cha ku Lisungwi, ndi cha kwa Dambe chimene chinatsegulidwa mu 2016. Mlendo wina wa mtima wabwino akafika mawa nafunsa kuti, ndithandize pati? Khonsolo yokhala ndi dongosolo imatsegula buku ndi kumlozera pamene pali kusowa. Yopanda dongosolo imangomlola kukumba mjigo wachiwiri pafupi ndi woyamba, chifukwa pamenepo mpamene galimoto lifika mosabvuta.

Sindifuna kukunyengani, a Wapampando, ngati kuti pepala limamanga mlatho. Pali zinthu zitatu zimene zimafooketsa bukuli. Choyamba, si nchito zonse ziri m'manja mwa Khonsolo. Msewu wa Tsangano, Neno ndi Mwanza, umene takhala tikuulirira zaka zambiri, ndi wa Boma lalikulu kudzera m'bungwe loyang'anira misewu. Khonsolo ingathe kuukumbutsa ndi kuudandaulira, koma siingathe kuuthira tala. Chachiwiri ndi ndalama. Zimene Khonsolo imatolera yokha m'misika ndi pa ziphaso za malonda nzochepa, ndipo zochuluka zimachokera ku Lilongwe, nthawi zina mochedwa. Chachitatu ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe wa Ana mu January 2022, mliri wa kolera wa chaka chomwecho, ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, zinaonetsa chigawo chonse cha kumwera kuti nchito ya zaka zambiri ingathe kukokoloka usiku umodzi. Komabe, munthu amene denga lake lasasuka sataya muyeso wa nyumba yake. Amayambira pomwepo pomanganso.

Pali ndi bvuto lachinai, limene ndichita manyazi kulichula, pakuti ndi lathu lomwe. Nyakwawa ikamema msonkhano wa chitukuko, ambiri a ife ophunzira timakhala kunyumba, tikumati zimenezo nza anthu opanda chochita. Pamsonkhano pamatsala anthu owerengeka, nalemba zimene iwo aziona. Patapita zaka ziwiri, ife tomwe timayamba kung'ung'udza m'misika kuti Khonsolo yatiiwala. Kodi yatiiwala, kapena tinadziiwala tokha? Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Chifukwa chake ndipempha bungwe lino kuti m'chaka chikudzachi lichite zinthu zinai. Poyamba, membala ali yense adziwe wapampando wa VDC ya kwao ndi kufika pa misonkhano yake, atatenganso mkazi wake kapena mwamuna wake, ndi achinyamata a pakhomo pake. Kachiwiri, a Mlembi athu alembe kalata kwa Bwana DC yopempha buku la dongosolo ndi ndondomeko ya ndalama ya chaka chino, kuti tidzawerenge pamodzi ndi kumasulira m'chinenero chathu zimene zikhudza dera liri lonse. Kupempha kotere si mwano. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a Boma linayamba kugwira nchito pa 30 September 2020. Kachitatu, amene tichita malonda tilipire msonkho wa pamsika mokhulupirika, ndipo tisachoke osalandira lisiti, pakuti tambala yopanda lisiti siifika m'thumba la Khonsolo. Kachinai, munthu ali yense wofuna mpando akadza ndi malonjezo, timlandire mwaulemu, timpatse pokhala, kenaka timfunse modekha kuti: Bambo, chimene mukulonjezachi chiri pa tsamba liti la buku lathu, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti?

Tikachita zimenezi sitidzaona zodabwitsa m'chaka chimodzi. Koma tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha, ndipo pa msonkhano wa chaka chamawa tidzakhala ndi poyambira kufunsa: izi zinalembedwa, zachitika ndi ziti, zatsala ndi ziti, ndipo chifukwa chake nchiani.

Ngati ndalakwitsa pena, akulu mundikonze.